Abiti Kasimu Anasambitsa Mwana Wawo Kawiri

Apongozi anga sakhala pansi. Tiyi amamwa chiimire, chakudya amadya akuyang'ana kukhomo, ndipo pamzere wa sikelo, pamene tonse timatula madengu n'kupumitsa msana, iwo amangopondaponda ngati pansi pali linthumbu. Dzina lawo ndi Ummi, koma pakomboni pathu onse amati Abiti Kasimu, potsata dzina la bambo awo amene anayenda wapansi kuchokera ku Machinga kudzathyola tiyi kuno ku Chipinge. Iwo anabadwira pa esiteti pompano. Ku Malawi sanapondeko, koma akakwiya amati, "Ndinyamuka ndizipita kwathu."

Ine ndine Dina, mkazi wa mwana wawo Lukmani. Ndinakulira mu mpingo wa a Postori a zovala zoyera, ndipo nditakwatiwa ndinalowa Chisilamu. A shehe ankafuna kundipatsa dzina lina, apongozi anakana. Anati, "Dzina silidya nkhumba, musiyeni nalo." Sukulu ndinalekera Giredi 7, choncho mundikhululukire ngati zina sindizilemba mwaukadaulo. Ndikulemba zimene ndinaona ndili ndi mwana kumsana.

Kupatula kuthyola tiyi, apongozi ali ndi ntchito ina yopanda malipiro. Mkazi wachisilamu akamwalira pa esiteti pano kapena m'mapulazi oyandikana nawo, amene amamusambitsa ndi iwo. Anaphunzira kwa mayi awo. Ali ndi beseni lawo losagwiritsa ntchito ina, sopo wosanunkhira, ndi nsalu yoyera ya sanda imene imakhala mu sutikesi pansi pa bedi. Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo ndi la Asilamu tonse: munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisalowe ali kunja. Kale osambitsa analipo angapo. Pofika 2008 wina anali atabwerera ku Malawi, wina atatsatira ana ake ku Espungabera, kutsidya kwa malire, ndipo apongozi anatsala okha. Ndi chifukwa chake anayamba kunditenga ine kuti ndiziwathirira madzi.

Chaka chimenecho simufuna kuti ndikuuzeni. M'masitolo munali mashelefu okhaokha. Malipiro ukalandira m'mawa, madzulo anali mapepala oyatsira moto. Mwamuna wanga anali atawoloka kupita ku Joni, ndipo m'nyumba tinatsala ine, apongozi, ndi khanda langa Baraka. Ku mzere wa nyumba za kuseri kwathu kunkakhala mlamu wanga Samira, mwana wotsiriza wa apongozi, ndi mwamuna wake Tapera. Tapera ndi wa mtundu wa Chindau, wa ku Chirinda, ankagwira ku fakitale koumitsa masamba, ndipo analowa Chisilamu kuti akwatire Samira. Sabata imeneyo awiriwa anakangana mpaka komboni yonse inamva. Tapera ankafuna kupita kokumba dayamondi ku Chiadzwa, Samira ankakana. Makoma a nyumba za pa esiteti sabisa mawu.

Inali Novembala, mvula itayamba, tiyi ataphuka kwambiri. Mipopi inali youma chifukwa pampu inalibe magetsi, ndiye madzi tinkatunga kumtsinje, kunsi kwa chitunda choterera. M'mawa wina amayi opita kukachapa anapeza Samira atagona chafufumimba pakati pa njira, chidebe chitagubuduzika mpaka kumadzi. Pamphumi panali bala.

Apongozi anawaitana ali m'munda. Anafika dengu likadali kumsana. Analitula, anagwada, anagwira pakhosi pa mwana wawo, anatsegula chikope n'kuchitsekanso. Kenako anavula duku lawo n'kumumanga chibwano. Mayi wina anati, "Abiti, bwanji tidikire alonda a kampani?" Apongozi sanamuyang'ane n'komwe.

"Mwana wanga agone pamatope anthu akumuonerera ngati mbuzi yogundidwa? Dina, ndithandize ndimubereke."

Ndinawathandiza kumukweza kumsana, ndipo anakwera naye chitunda chonsecho osapuma, miyendo ya Samira ikukwekwereka m'udzu.

Zotsatira zinayenda mwachangu monga zimayendera nthawi zonse iwo akagwira. Uthenga unapita kwa a shehe. Amuna anatenga makasu kupita kumanda athu a kuseri kwa mabulugamu. Tapera anamuitana ku fakitale, ndipo atafika anangotsetsereka pakhoma n'kukhala pansi. Ife tinatseka chitseko. Ndinafunsa ngati sikunali bwino kuitana mayi wina, poti uyu anali mwana wawo wobereka okha.

"Mayi wake uti? Onse anathawa njala. Thira madzi."

Tinamufunda nsalu, tinayamba mbali ya kumanja, kenako ya kumanzere, monga mwa mwambo. Apongozi anatsuka bala lija bwinobwino mpaka dothi lonse linachoka. Anamuluka tsitsi. Sanagwetse msozi, chifukwa amati wosambitsa akalira madzi amadetsedwa ndi chisoni. Ine ndinaona kuti zikhatho ndi milomo ya Samira zinali zoyera ngati chinangwa chosenda, ndipo mimba inali youma gwa. Nditanena, anati, "Ndi njala. Ndani ali ndi magazi chaka chino?" Titamukulunga mu sanda, manja awo anasowa chogwira. Anatola diresi ndi chitenje za matope ndi magazi zija, anazichapa, anaziyanika pachingwe. Nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, isanakwane, Samira anali atagona pa jeneza, machira athu onyamulira maliro, akudikira amuna.

Chinatsala ndi pepala lololeza kuika maliro, lija timati beriyo oda. Kwa odwala nthawi yaitali sizinkavuta. Nesi wa pa kiliniki ya esiteti ankalemba kalata, wina n'kuthamanga nayo kutauni. Koma nesiyo, a Sisita Plaxedes, atabwera anaima pakhomo manja ali m'matumba a yunifolomu.

"Ambuya," anatero kwa apongozi monga amaitanira amayi achikulire kuno, "Samira sanabwerepo kwa ine akudwala. Sindingalembe matenda amene sindinawaone. Munthu wamwalira mwadzidzidzi, ali ndi bala kumutu. Imeneyi ndi ya apolisi, ndipo ndawatumizira kale uthenga."

"Wakutuma ndani?"

"Ntchito yanga, ambuya."

Wapolisi anafika dzuwa litapendeka, pa njinga yobwereka, chifukwa galimoto yawo inalibe mafuta. Dzina lake linali Chamunorwa, mnyamata wamtali, kolala yothethekera. Anapereka pepani wake m'Chishona, "Nematambudziko," kenako anapempha kuona pamene anagwera. Tinamutengera. Panjira paja panali patapondedwa ndi komboni yonse, ndipo mvula ya masana inali itatsuka zotsala. Anafunsa zovala. Tinamulozera pachingwe, zikudontha madzi. Anafunsa mtembo. Tinamuonetsa sanda yomangidwa kumutu, pakati ndi kumapazi. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Ambuya, nanga ine mwandisiyira chiyani?"

"Ndakusiyira mpando. Khala, ulembe pepala lako, dzuwa likupita."

Sanakhale. Analankhula mofatsa, ndipo ndimakumbukira chifukwa anabwereza kawiri kuti apongozi amve Chishona chake. Anati munthu akafa mwadzidzidzi samasunthidwa. Mukhoza kumufunditsa, koma mumusiye pomwepo mpaka wapolisi aone mmene wagonera, ngati phazi linaterereka, ngati mwala uli ndi magazi, ngati chovala chang'ambika. Zimenezo amazilemba, zimapita kwa majisitireti, amene ndiye amafufuza imfa zoterezi m'malo mwa boma.

"Tsopano ine ndili ndi bala lotsukidwa, ndi anthu akundinong'oneza kuti mwamuna ndi mkazi anakangana. Basi. Amene angayankhe ndi dokotala yekha. Mtembo upite ku mochale, ndipo a Tapera atsagane nane akapereke sitetimenti."

"Mukufuna kukamung'amba."

"Si ine ndikufuna. Lamulo silifunsa ine, ndipo pamenepa silifunsanso inu."

Apongozi anaima pakhomo, manja atatambasula kugwira mafelemu onse awiri. Anati mwana wawo ndi woyera kale, wavala kale, manda ake ndi okumba kale, ndipo thupi la Msilamu silidulidwa ngati nyama ya pa butchala. Chamunorwa sanawakankhe. Anangoima. A shehe ndi amene anabwera pafupi n'kunena chapansipansi kuti, "Abiti, tikamuika mobisa adzabwera kudzamufukula. Kodi mukufuna zimenezo?" Manja aja anatsika pang'onopang'ono.

Kumanda kunabuka mkangano wina. Anzathu a Postori ndi a Chindau anati dzenje siligona lopanda kanthu, muikemo thunthu la nthochi, dzenjelo lingaitane wina. A shehe anati zimenezo si zathu. Pomaliza analivundikira ndi malata akale n'kutsendereza ndi miyala.

Samira anapita kutauni pa ngolo ya thirakitala yonyamula masamba. Apongozi anaima njira yonse, dzanja limodzi pa jeneza kuti lisagwedezeke m'maenje. Ine ndinakhala pa matumba, Baraka akulira kumsana. Tapera anakhala kumapeto kwa ngolo moyang'anizana ndi wapolisi.

Mochale inali kuseri kwa chipatala, kanyumba ka mazenera ang'onoang'ono. Woyang'anira anali bambo wachikulire, a Marcel, wobadwira ku Tete, amene Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anamasula sanda, anamanga kachikwangwani kuchala cha kuphazi. Apongozi anafunsa kuti dokotala abwera nthawi yanji.

"Mama, pasiyensiya, lezani mtima. Madokotala athu ena ananyanyala, ena ali ku Botswana. Wa milandu ya apolisi amachokera ku Mutare, akapeza mafuta."

"Liti?"

A Marcel analoza kumwamba ndi chibwano.

Tinakafikira kwa msuweni wa apongozi ku Gaza, komboni ya m'tauni momwemo, m'chipinda chimodzi ndi ana ake. Kuyambira tsiku lotsatira moyo wathu unali msewu. Kukacha, ku mochale. Kuchoka apo, kupolisi. Kuchoka kupolisi, kukhoti. Kuchoka kukhoti, ku mochale kachiwiri. Makombi, timinibasi ta kuno, analipo ochepa ndipo sankalandira ndalama yathu, ndiye tinkayenda wapansi. Paliponse yankho linali liwu limodzi la Chishona, "Mangwana," kutanthauza mawa. Apongozi anafika podana nalo liwuli mpaka mwana wa msuweni wawo atalinena pa nkhani ya sukulu anamukalipira. Patapata wawo anaduka, anamumanga ndi waya. Pakhomo pa mochale sankakhala pa benchi. Ankayenda kuchoka pa mpopi kufika pa mtengo wa mapeyala n'kubwerera.

"Mama," a Marcel anatero tsiku lina, "mwandikumbira ngalande yabwino. Mvula ikabwera ndidzakuthokozani."

"Mukanakhala mukugwira ntchito ngati pakamwa panupo, bwenzi akufa onsewa ali kwawo."

"Iwowa sadandaula. Odandaula ndinu a moyo."

M'masiku amenewo ndinaphunzira zinthu zimene ndikufuna mayi mnzanga azidziwe asanagwe m'mavuto ngati athu. Mtembo ukalowa m'manja mwa apolisi sukhalanso wa banja mpaka iwo aubweze, ngakhale ulire bwanji. Aliyense amene anaona kapena kugwira amafunsidwa payekha. Ine anandifunsa kuti ndani anamutembenuza, ndani anachapa zovala, bala linali lalikulu bwanji. Ndinapempha kuti andiwerengere zimene alemba ndisanasaine, ndipo anandiwerengera osakwiya. Ndi bwino kudziwa dzina la wapolisi amene wagwira nkhani yanu, chifukwa ukangoti "ndabwera za maliro" amakutumiza khomo ndi khomo. Dokotala akamaliza muli ndi ufulu womufunsa chimene wapeza. Pambuyo pake zonse zimapita kwa majisitireti, amene akhoza kuitana anthu kukhoti kuti afotokoze, kapena kutseka nkhani ngati zamveka. Zonsezi palibe amene anatiuza pamodzi. Tinazitola chimodzichimodzi ngati nyemba zotayika.

Tapera anamumasula atapereka sitetimenti, koma anamuuza kuti asachoke m'dera. Pakomboni anthu anasiya kumupatsa moni. Ankabwera kutauni wapansi atasenza nthochi ndi mbatata zoti tidye, n'kuzitula pakhomo ku Gaza. Apongozi ankadya mbatatazo koma iye sankamuyang'ana. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti ndi iye.

"Sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa. Kudziwa kumudzutsa? Ine ndikufuna mwana wanga alowe m'nyumba mwake ali wathunthu."

Kukhoti apongozi anavutitsa kalaliki mpaka anatilowetsa kwa majisitireti. Anali mayi wa magalasi, nsapato atavula pansi pa tebulo. Apongozi anakana mpando. Anafotokoza za dzenje lodikira, za chipembedzo chathu, ndipo anapempha kuti awapatse mwana wawo osadulidwa. Majisitireti anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amai, ndikumva, ndipo mwambo wanu ndimaulemekeza. Pamene ndingathe ndimafulumizitsa maliro a Asilamu. Koma pano pali mtsikana amene dzulo lake anali bwinobwino, ndipo palibe angandiuze chimene chinamupha. Ndikamutulutsa lero, funso limenelo litsala pamutu pa mkamwini wanu moyo wake wonse. Litsalanso pa inu amene munatsuka bala."

"Ine? Ndiphe mwana wanga?"

"Sindinatero. Ndati palibe angandiuze."

Tinatuluka. Apongozi anayenda mofulumira kwambiri moti ndinawapeza atafika kale ku mochale.

Magetsi ankazima tsiku lonse, nthawi zina n'kugona osabwera. Jenereta inalipo koma dizilo ankasungira chipinda cha opareshoni. Fungo linayamba kumveka pa mtengo wa mapeyala paja. A Marcel anali ataika Samira m'kabati ya pansi, imene amati imasunga kuzizira, ndipo sankaitsegula. Koma m'mawa wina sanachite nthabwala. Anaitana apongozi pambali, ine ndili pomwepo.

"Mama, inu ntchito iyi mumaidziwa, sindingakunamizeni. Wayamba kusintha. Zikapitirira chonchi, simudzatha kumugwira ndi manja."

Apongozi anaima chilili. Aka kanali koyamba kuwaona ataima osasuntha phazi. Anapempha kuti amuone. A Marcel anakana kaye, kenako anatsegula pang'ono. Ine sindinalowe chifukwa cha mwana. Atatuluka anapita pa mpopi wouma uja, anautsegula, anautsekanso.

"Dokotala wa mtundu wanji amaloledwa kung'amba?"

"Wa boma aliyense, apolisi akamupempha ndi pepala lawo."

"Alipo kuno?"

A Marcel anati kunabwera mmodzi dzulo lake, koma osati za mitembo. Anabwera za kolera, ali ku matenti kuseri kwa wodi ya ana, ndipo sagona.

Apongozi anati, "Dina, thamanga ukatenge wapolisi wako uja. Umuuze abwere ndi pepala lake. Akati mangwana, ukhale pa tebulo pake."

Ndinathamanga, Baraka akudumphadumpha kumsana. Chamunorwa ndinamupeza akudya chimanga chokazinga. Nditafotokoza anayang'ana mkulu wake, mkuluyo anagwedeza mutu kuvomera, ndipo tinabwerera limodzi.

Ku matenti tinapeza apongozi ataima pa chingwe chotchinga, pamene aliyense wolowa amaponda m'madzi a mankhwala. Mlonda anali atatopa nawo. Dokotala akatuluka tenti iyi kulowa inayo, iwo ankayenda naye mbali ya kunja kwa chingwe, akulankhula. Anali bambo wochepa thupi, maso ofiira.

"Amai, ndili ndi anthu amoyo amene akufa muno."

"Ndikuona. Sindikuti muwasiye. Ndikuti mukamapita kukamwa madzi, mudzere kwa mwana wanga. Mumung'ambe."

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwa mayi yemwe uja anatchinga khomo ndi manja awiri. Dokotala anapitiriza ntchito. Iwo anapitiriza kuyenda naye. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka. Kenako dokotala anavula magolovesi, anasamba m'manja, anayang'ana Chamunorwa.

"Pepala lili apo?"

"Lili pano, dokotala."

"Tiyeni, kusanade. Kulibe magetsi, ndigwiritsa zenera."

Pakhomo pa mochale apongozi anamugwira mkono wa malaya. "Chilichonse mutulutse mubwezeremo. Musasiye kanthu kunja. Ndipo musoke bwino, osati ngati thumba la feteleza."

"Ndisoka bwino, amai."

A m'banja saloledwa mkati. Analowa dokotala, wapolisi ndi a Marcel. Tapera anali atafika ndi mtolo wake wa nthochi, anaima patali pafupi ndi mpanda. Apongozi anazungulira kanyumbako, kuzungulira, kuzungulira, akunong'ona duwa, mapemphero athu.

Dokotala atatuluka anafunsa kuti mwamuna wake ndi uti. Tapera anasendera. Anatiuza tonse pamodzi, m'mawu osavuta. Samira anali ndi pakati pa miyezi yochepa, koma mimbayo inakhala m'njira yopita ku chiberekero, osati m'chiberekero mwenimwenimo. Njirayo inaphulika, magazi anadzaza m'mimba, anakomoka n'kugwa. Bala la pamphumi linali la pamwala, laling'ono, losapha munthu. Panalibe dzanja la wina aliyense.

"Pakati?" apongozi anatero. Anatembenukira Tapera, koyamba chichokereni pa esiteti. "Inu munkadziwa?"

"Anandiuza sabata yomweyo, amayi. Ndi chimene tinkakanganira. Ankati ndisapite ku Chiadzwa ndimusiye ali choncho. Anati tisanene kaye mpaka ikhazikike."

"Osandiuza ine?"

"Ankati mukamva muyamba kuthamanga."

Kenako apongozi anafunsa dokotala ngati Samira akanapulumuka. Iye anati akanafika msanga pa chipatala chokhala ndi magazi ndi magetsi, mwina. Anabwerera ku matenti ake.

Chamunorwa akulemba zomaliza pa bondo, apongozi anaima patsogolo pake.

"Iwe mwana. Ndikanamusiya pamatope paja mpaka ubwere ndi njinga yako, bwenzi atamung'ambabe?"

Iye anaganiza kaye. "Mwina bwenzi atatero ndithu, ambuya, poti anali wamng'ono ndipo sankadwala. Mwinanso ayi. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Tapera sakanayenda masiku onsewa anthu akuwaloza chala."

Patapita miyezi Chamunorwa yemweyo anadzatiuza kuti majisitireti anatseka nkhaniyo popanda kutiitana kukhoti.

Pepala loikira maliro tinalipeza m'mawa mwake, ofesi itangotsegula, ndipo thirakitala ya masamba inatitenga pobwerera. Kumanda amuna anachotsa malata aja n'kupeza dzenje litadzaza madzi mpaka theka. Anayamba kukapa ndi zidebe.

Ife tinatsekanso chitseko. Sanda yoyamba inali itatayidwa ku mochale. Apongozi anakoka sutikesi, pansi penipeni anatulutsa nsalu ina yopindidwa mu pulasitiki. Inali yawo, imene anagula kalekale masitolo akadali ndi katundu, kuti tsiku lawo likadzafika tisadzavutike.

"Nanga inu, amayi?"

"Lukmani adzagula ku Joni. Bweretsa madzi."

Nditafuna kuvundukula nsalu yofunda ija anandigwira dzanja. Anaona okha, pang'ono, kuyambira pakhosi kutsika. Anati, "Wasoka bwino." Kenako anandiuza kuti ulendo uno sitipukuta, sitikhula, khungu silingalole. Tingothira madzi pamwamba pa nsalu, pang'onopang'ono, kumanja kaye. Ndinathira. Iwo anayendetsa chikhatho pamwamba pa nsaluyo osakanikiza. Atafika pamimba dzanja linaima. Ndinadikira ndi kapu m'manja mpaka anati, "Thira."

Titamanga sanda ndinatsegula chitseko. Amuna anali atasonkhana panja ndi jeneza, ndipo Tapera anaima kumbuyo kwa onse, pafupi ndi chingwe choyanikira. Anthu ankamupatsabe mpata waukulu, poti nkhani ya dokotala inali isanafike kwa onse. Apongozi anatuluka manja akudontha madzi, analankhula mokweza kuti mizere yonse imve.

"A Tapera, bwerani mugwire kutsogolo. Mwanyamula anthu awiri, mkazi wanu ndi mwana wanu. Muyende msanga, achedwa kale."

Amuna anapatuka, Tapera anadutsa pakati pawo n'kuika phewa. Akazi sitifika kumanda. Tinawaperekeza mpaka pamene mizere ya tiyi imathera, ndipo tinaona jeneza likusinthana mapewa, likulowa m'mabulugamu.